Mkazi Wanga Wasiya Kuitana Womuthirira Mchere

Aphungu,

Kalatayi ndalemba ndekha, ndiye mukhululuke ngati zilembo zapendama. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma nkhani iyi si yopempha mnzako kuti akulembere. Kuno kwathu ukanong'oneza chinthu padoko m'mawa, pofika swala ya masana chafika kale kumsika. Chonde dzina langa musalitulutse lonse. Mayina enawa ndawasintha.

Ine ndine msodzi. Ndimakoka khoka kumunsi kwa boma la Nkhotakota, ndiponso ndili ndi munda wa mpunga kudambo. Ku Theba, kumigodi ya ku Joni kuja, ndinapitako, ndinabwerako ndi njinga, wailesi ndi malata, choncho musandiyese munthu wosayenda. Mkazi wanga ndimutchula kuti Madina. Kwawo ndi ku Kanyenda, ndinamutenga chitengwa titamanga ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, pamaso pa ashehe. Chaka chino n'chachisanu, pakhomo pali zii, ngakhale thewera limodzi silinayanikidwepo pachingwe. Ameneyu ndi wachiwiri. Woyamba, Habiba, tinakhala zaka zingapo osaona kanthu, abale anga n'kunena kuti ndi wouma, ine n'kumusiya. Pano anakwatiwa ku Benga ndipo ndikumva kuti wina ali kumsana, wina akumugwira chitenje. Amalume anga a Fakiri, omwenso ndi ankhoswe anga, amati mkazi ameneyo ankavala mkuzi woletsa kubereka mobisa ali kwa ine. Mkuziwo ine sindinauonepo, koma akazi ndi ochenjera.

Pepani Aphungu, ndinena mosapsatira. Chaka chatha umuna wanga unasintha. Unayamba kutuluka wofiirira, nthawi zina wachikasu, wamadzimadzi. Ndikatha ndinkamva kuotcha mkati, pansi pa chinena, msana n'kumawawa ngati ndasenza bwato ndekha. Ndinachita mantha, ndinapita kwa amalume. Iwo anandiyang'ana m'maso ndi m'zikhadabo, kenako anapukusa mutu. Anati, "Mphwanga, ameneyu ndi kanyela. Mkazi wakoyo amakulola ali kumwezi, kapena amapita padera mwadala n'kumakubisira. Magazi ukuonawo si ako, ndi ake. Uzimuyang'ana pa mchere."

Mwambo wa mchere mukuudziwa. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana wina kuti amuthirire, kuopa kudula mwamuna wake.

Nditamufunsa Madina analira. Anati, "Bambo, tiyeni kuchipatala tonse awiri akatiyeze. Akakapeza kuti ndine, ndidzamanga ndekha katundu wanga, simudzachita kundithamangitsa." Ndinavomera, poganiza kuti akachita manyazi ndi iyeyo. Inali nyengo yotentha ija, mvula isanagwe.

Aphungu, zokayikitsa zinayambira pakhomo penipeni pa chipinda choyezera. Tinapeza dokotala wamng'ono, mnyamata wochokera kumpoto, dzina lake ndimuti Gresham, watsitsi lopesa seda, wonunkhira sopo. Atangomuona mkazi wanga anakuwa, "Aa, Madina! Ndiwe kodi?" Akuti anaphunzira kalasi imodzi ali ana. Mkazi wa mwini kumutchula dzina, kumunena kuti iwe, mwini wake ali chilili pomwepo! Madina naye anaseka mpaka mano onse panja, kuseka kumene ine ndinali ndisanakuone kwa nthawi yaitali.

Madina anayezedwa ndi anamwino, iwo n'kunena kuti sanapeze cholakwika. Ine Gresham anandifunsa ngati ndimakodza magazi. Ndinaseka. Ndani sakodza magazi kunyanja kuno? Ine ndinayamba ndisanapite ndi ku jando komwe. Malemu bambo anga atamva anakondwa, anati, "Wakula mwana wanga." Anyamata onse apadoko tinali choncho, ndipo amene mkodzo wake unali woyera tinkamuseka kuti akadali khanda. Mkazi amakula ndi magazi ake, mwamuna ndi ake. Kodi chizindikiro cha uchamuna chingasanduke matenda chifukwa choti munthu wavala gauni yoyera?

Anandipatsa timabotolo tiwiri. Kamodzi ka mkodzo. Kachiwiri anati ndibwere nako mawa lake m'mawa, muli chijachi, ndisachedwe nako panjira, ndikasunge m'thumba pafupi ndi thupi. Mmene ndinachitira musandifunse. Chomwe ndikukumbukira n'choti a Yufi atandifunsa khadi ya chipani pamsika ndinaitulutsa ndi dzanja lamanzere, lamanja litagwira thumba zolimba, thukuta lili kamukamu ngati ndaba.

Atayeza anandiitana kuti ndisuzumire m'kamakina kawo koonera tinthu tating'ono. Ndinaona tinthu tonga ambululu, tambirimbiri, koma togona, kena n'kumagwedeza mchira mwaulesi. Pambali panali china chonga njere ya mpunga chokhala ndi kaminga kunsonga. Gresham anati, "Mbewu muli nazo zambiri, bambo. Chavuta ndi madzi amene zimasambiramo. Kachiwalo kamene kamapanga madziwo kalowa likodzo, ndipo icho mukuonacho ndi dzira lake." Anandipatsa mibulu ikuluikulu yowawa, anati ndimeze pomwepo iye akuona. Tsiku limenelo ndinachita chizungulire. Anandiuza kuti mvula ikadzatha ndidzabwerenso adzayeze kachiwiri.

Tsono tamvani. Ndingadziwe bwanji kuti zimene anaika pagalasi paja zinali zanga? Ndinalipo potsanula? Ayi. Ndipo nditapempha kuti andibwezere kabotolo kanga anangoti, "Tatsuka kale." Kutsuka! Chinthu chochokera m'thupi la munthu, osamuuza mwini wake? Amalume atamva anagwira kumutu. Anati, "Wapereka mphamvu zako m'manja mwa mlendo, mlendo wake wodziwana ndi mkazi wako!" Anandikumbira mizu, ndinamwa. Posapita nthawi magazi anasiya, kumkodzo ndi kwinako, kuotcha kuja n'kutha. Ine ndimati inagwira ntchito ndi mizu ya amalume. Kuchipatala sindinabwererenso.

Tsiku la mibulu lija, pobwerera kunyumba ndinamuuza Madina pamaso, chifukwa ine sindisunga mawu m'mimba. Ndinati, "Mnzako wa kusukuluyo wandisandutsa gojo iwe ukumva. Chabwino. Ukadzaima, ndidzafunsa mwini wake." Anangoyang'ana pansi mpaka kufika kunyumba.

Dzinja lonse tinakhala bwino, sindinama. Tinaokera mpunga limodzi, kuchipinda kunalibe chovuta. Koma diso langa linali pa mchere monga anandiuzira amalume. Kale mwezi uliwonse ndinkamumva Madina akuitana mlongo wanga Rahila, amene nyumba yake yayandikana ndi yathu, kuti, "Alamu, tabwerani mundithirireko!" Chikwatirane sanaphonyepo. Koma kuyambira nthawi ya chimanga chachiwisi, mawu amenewo sindinawamvenso. Ndinasamutsa ndi posokera ukonde pomwe, n'kumakhala moyang'anana ndi khitchini. Tsiku ndi tsiku akutapa yekha mchere, kuthira, kulawa, nkhope ili gwa ngati palibe chikuchitika.

Unabwera mwezi wa Ramazani. Mkazi aliyense amadumphako masiku ake, n'kudzabweza pambuyo. Madina wamanga swaumu mwezi wathunthu, osadumpha ndi tsiku limodzi, swala nayo osaiphonya. Ndiye kuti akubisira ine, akubisiranso Mulungu? Kuwonjezera apo wayamba matama. Akuti fungo la usipa likumunyansa. Mkazi wa msodzi! Ndikabwera kunyanja amatembenuzira nkhope kumbali n'kukalavula kuseri. Masana n'kumangogona. Ine ndikuona kuti wazolowera fungo la sopo.

Chimene chinandimaliza ndi ichi. Rahila anamuona kuchipatala tsiku la sikelo, atakhala pabenchi pakati pa amayi. Nditamufunsa Madina anati anaperekeza mnzake. Mnzake uti? Anachita chibwibwi. Nanga kuchipatala kuja akudziwako ndani?

Kuyambira pamenepo ndinasiya kudya za m'manja mwake. Ngakhale futari, chakudya chomasulira swaumu, masiku otsiriza ndinkakadyera kwa amayi. Kugona ndikugona kukhumbi lathu padoko, mwera uno uli kundilowa m'mafupa. Iye amaphikabe, kuvundikira mbale, kuika pamphasa panga. Ndikadutsa m'mawa ndimaipeza ili chivundikirire, ndipo Rahila akuti Madina nayenso sakudya, nkhope yagwa. Amalume akuti mkaziyu akufuna andimalize ndi mdulo kuti nyumba ya malata adzakhalemo ndi Gresham wakeyo. Atumiza kale uthenga ku Kanyenda kuti ankhoswe ake abwere tikangomaliza kumweta mpunga, ndidzapereke talaka yomusudzula pamaso pawo. Mpungawo wacha kale, Aphungu.

Ndikanangotsatira za amalume, koma pali mnzanga Yoramu amene timakoka naye khoka, wa kumpoto nayenso koma wokulira kuno. Nditamufotokozera anaseka mpaka kugwira bwato. Anati, "Iwe munyane, ndiwe chindere chenicheni. Mkazi wosadumpha swaumu, wonyansidwa ndi usipa, ukufuna akuuze ndani? Kagule matewera." Ndinatsala pang'ono kumukhoma ndi nkhafi. Chimvereni mawu amenewo mtima wanga sunakhalenso pansi.

Taonani pamene ndaima. Ngati Gresham ananama, ndiye kuti ine ndinalibe vuto, amalume akunena zoona, mkaziyu akundipha pang'onopang'ono ndi mchere. Ngati Gresham ananena zoona kuti mbewu zanga n'zogona, ndiye mimba akunena Yoramuyo ndi ya yani? Ndi ya Gresham, mwini kabotolo? Uku ndaferedwa, uku ndaberedwa.

Ndithandizeni. Kodi kachiwalo akunenako kalipodi m'thupi la mwamuna, kapena n'zongopeka pofuna kundichititsa manyazi? Munthu angachite chiyani ndi umuna wa mnzake m'botolo? Mkaziyu ndimamukonda, Aphungu, n'chifukwa chake zikundiwawa chonchi. Yankhani msanga, anthu a ku Kanyenda asananyamuke.

S. R., Nkhotakota


Bambo S. R.,

Musanawerenge zonse, pezani munthu wa njinga apite ku Kanyenda akawauze ankhoswe kuti asavutike kubwera. Mpunga mwetani, talaka isiyeni m'thumba. Tsopano khalani pansi tikambirane.

Mwatchera mono wa makomo awiri, ndipo khomo lililonse likukola Madina yekha. Dokotala akanama, wolakwa ndi Madina. Akanena zoona, wolakwa ndi Madina yemweyo. Koma pali njira yachitatu imene simunaiyang'ane n'komwe, ngakhale mwailemba nokha m'kalata yanu: dokotala ananena zoona, anakupatsani mankhwala, ndipo mankhwalawo anagwira ntchito.

Tiyambe ndi mkodzo wofiira. Malemu bambo anu sindikuwanyoza, ananena zimene nawonso anamva kwa akulu awo, ndipo m'mbali mwa nyanja monsemu anthu ambiri amakhulupirira choncho. Koma kukodza magazi si kukula, ndi likodzo. Anyamata ambiri a kumapiri amakula, kukwatira, kudzaza nyumba ndi ana, asanakodzepo dontho lofiira. Tizilombo ta likodzo timachokera mu nkhono za m'madzi, makamaka m'bango ndi m'minda ya mpunga, momwe inu mumakhalamo chaka chonse. Timalowera pakhungu, timakakhala m'mitsempha ya magazi, n'kumaikira mazira a minga aja munawaona ndi maso anu. Mazirawo akamaboola chikhodzodzo ndi pomwe mkodzo umafiira. Inu mwawasunga kuyambira musanapite ku jando, n'kumawanyadira.

Mwafunsa ngati kachiwalo kaja kalipodi. Kalipo, bambo, ndipo aliyense wamwamuna ali nako, amalume anu omwe. Kalata yanu ndinapita nayo kwa dokotala wamkulu amene ndimadalira pa nkhani zotere, amene sakumudziwa Gresham kapena Madina, ndipo zimene anandifotokozera ndi izi. Kachiwaloko madokotala amakatcha pulositeti. Kali pansi penipeni pa chikhodzodzo, kukula kwake ngati suku limodzi, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Mbewu za mwamuna sizipangidwa m'menemo ayi, zimapangidwa kumunsi m'thumba lija la pakati pa miyendo. Koma mbewuzo ndi gawo lochepa kwambiri la umuna. Zambiri zimene mumaona ndi madzi ochokera m'kachiwalo kameneka ndi m'timatumba tina toyandikana nako.

Madzi a pulositeti ali ndi ntchito yaikulu. Umuna ukamatuluka umakhala wolimbirako, mbewu zili zomangika m'kati mwake. Madzi amenewa ndi amene amausungunula pakapita kanthawi, kuti mbewu zimasuke ziyambe kusambira. Ndi omwewonso amene amazidzutsa ndi kuziteteza zikamayamba ulendo wake m'thupi la mkazi, ndipo ulendowo ndi wautali kwa kanthu kakang'ono chotero. Tsono mazira a likodzo sathera m'chikhodzodzo mokha. Kwa amuna ena amalowanso m'kachiwalo kameneka ndi m'timatumba tija. M'katimo mumatupa, mumachita tizilonda, madzi aja n'kusakanikirana ndi magazi ndi mafinya. Ndiko kufiira kuja, chikasu chija, kuotcha kuja pansi pa chinena. Mbewu zimakhalapo, zambiri ndithu, koma zimafooka n'kufera panjira. Inu ndinu msodzi. Mukudziwa chimene chimachitika mukatenga nsomba zamoyo, zabwinobwino, n'kuziika m'chithaphwi cha madzi ovunda.

Choncho magazi aja anali anu, ochokera m'kati mwanu. Magazi a mkazi sakwera m'thupi la mwamuna n'kukakhalamo miyezi, n'kumatuluka pang'onopang'ono. Likodzonso sapatsirana kuchipinda, ndiye musayambe kumuloza chala Madina pa ilo. Ndipo muwerengenso mawu a Gresham monga mwawalembera nokha. Anati mbewu muli nazo zambiri. Mawu oti gojo sanatuluke m'kamwa mwake, anatuluka m'kamwa mwanu.

Mibulu yowawa ija imapha tizilombo timene timaikira mazira. Tikafa, zilonda zimayamba kupola, madzi aja n'kuyamba kuyera. Thupi la mwamuna limapanga mbewu zatsopano nthawi zonse, ndipo kuti mbewu ikhwime pamapita miyezi pafupifupi itatu. Si onse amene amachira mpaka kubereka, zimenezo sindingakunamizeni, makamaka matenda akakhalitsa. Koma ambiri zimawayendera. Tsono ganizani nokha. Mibulu munameza mvula isanagwe. Magazi anasiya. Dzinja lonse munali m'nyumba mwanu, kuchipinda kulibe chovuta. Nthawi ya chimanga chachiwisi mkazi wanu anasiya kuitana womuthirira mchere. Chovuta kumvetsa n'chiyani pamenepa? Za mizu ya amalume sindilimbana nanu, koma mizuyo sinaone dzira la minga. Analiona ndinu.

Za Habiba mwazidutsa mothamanga, ine ndikubwezani pomwepo. Akazi awiri, mwamuna mmodzi, nyumba yopanda mwana. Woyamba atangochoka kwa inu wabereka. Mkuzi simunauone. Amene anaweruza kuti Habiba ndi wouma ndi omwewo amene pambuyo pake anati ankavala mkuzi, ndipo ndi omwewo lero akuti Madina akukudulani. Amalume anu amakukondani, sindikukayika, ndipo chifukwa cha chikondicho sangavomere kuti vuto linali mwa mwana wa mlongo wawo. Apatseni ulemu wawo, koma pa nkhani iyi aphonya kale kamodzi, ndipo munataya nako banja.

Kabotolo kanu anatsukadi. Timabotolo totere amatitsuka, kutiwiritsa, n'kupatsa wodwala wina, chifukwa kuchipatala n'tochepa. Palibe chimene munthu angachite ndi zotsalira zake, zimafa zokha tsiku lomwelo. Ndipo taganizirani za Gresham mofatsa. Munthu wofuna mkazi wanu akanakuuzani kuti mulibe mbewu ngakhale imodzi, n'kukusiyani ndi matenda anu. Uyu anakuonetsani ndi maso anu, anakumwetsani mankhwala akuona, n'kukupemphani kuti mudzabwerenso. Moni wake kwa Madina anapereka mokuwa, inu muli pomwepo. Anaphonya ulemu pomunena kuti iwe, zoona, koma kusowa ulemu si chigololo. Anthu amene ali ndi chobisa amadutsana ngati sakudziwana.

Mukudabwa kuti ngati waima, bwanji sakukuuzani? Bambo, munamutseka pakamwa ndinu. "Ukadzaima, ndidzafunsa mwini wake." Mawu amenewo inu munawalankhula n'kuiwala, iye akugona nawo ndi kudzuka nawo. Mkazi amene wadikira zaka zisanu, akunyozedwa kuti ndi wouma, mwina lero wanyamula chimene ankachilirira, ndipo akuopa kuuza mwini wake chifukwa mwini wakeyo analonjeza kale mlandu. Onjezanipo kuti mimba yoyamba mkazi sathamangira kuilengeza, amayamba wauza amayi aakulu, ndipo ake ali kutali ku Kanyenda. Ndiye mukuti apite kwa yani? Kwa apongozi amene ankakudyetsani futari pomuthawa iye?

Mwakhala moyang'anana ndi khitchini miyezi yonseyi, koma zimene mumaona simunazimve. Munthu amene zaka zisanu sanaphonyepo kuitana alamu ake, woopa kukudulani, woopa Mulungu pa swaumu, sangadzuke tsiku limodzi n'kutaya zonsezo. Akanafuna kukunamizani, chosavuta chinali kumuitanabe Rahila mwezi ndi mwezi, kudumpha dala masiku angapo a Ramazani, inu osadziwa kanthu. Sanatero chifukwa sadziwa kunama. Tsiku lililonse wakhala akukuuzani ndi dzanja lake lotapa mchere, pamaso panu.

Komabe ine sindine mzamba, ndipo mimba siyezedwa pa nyuzipepala. Mkazi akhoza kusiya kusamba chifukwa cha matenda ena, kapena chifukwa cha nkhawa ndi kusadya. Choncho chitani izi. Bwererani kunyumba, mukhale naye awiri, popanda amalume, popanda Rahila. Musayambe ndi funso, yambani ndi kubweza mawu anu aja. Muuzeni kuti munalankhula ndi mkwiyo ndipo mwawalavula. Akaona kuti akulankhula ndi mwamuna wake osati woweruza, adzakuuzani yekha chimene anakachita pabenchi ya sikelo.

Kenako mupite naye kuchipatala. Iye akamuyeze anamwino, ndipo akamuyezenso likodzo, poti mpunga mumaokera limodzi ndipo matendawa amavutitsanso akazi pa nkhani ya kubereka. Mukawauze msanga kuti mwina ndi woyembekezera asanamupatse mankhwala alionse, ndipo mizu ya amalume asailawe. Inunso mukayezetse kachiwiri monga anakuuzirani. Ngati nkhope ya Gresham ikukutsamwitsani, pemphani wina, palibe amene angakukanizeni. Ngati mukukayika za pagalasi, pemphani kuti muime pomwepo potsanula, musuzumirenso. Ndikufuna mukaone ndi maso anu ngati ambululu aja akadali ogona.

Dziwaninso kuti likodzo limabwerera. Mibulu imapha tizilombo timene tili m'thupi, siitseka khomo. Simungasiye nyanja poti ndiwo munda wanu, koma chepetsani kusamba ndi kuima nthawi yaitali m'bango, musakodzere m'madzi, ndipo muziyezetsa chaka ndi chaka osadikira kuti mkodzo ufiire. Mukamva mnyamata padoko akunyadira kuti wakula, mutengereni kuchipatala. Za talaka, kafunseni ashehe amene anamanga ndowa yanu ngati chipembedzo chimalola kusiya mkazi pa mlandu wopanda mboni. Ndikudziwa chimene akakuyankheni. Yoramu mukamugulire tiyi, nkhafi ija musamukhome nayo.

Chenjezo langa ndi ili. Mkazi wanu sakudya, ndipo ngati alidi ndi pakati, njala ndi kulira kumeneko sizikuvulaza iye yekha. Mwana amene mwamufuna pa akazi awiri mukhoza kumutaya asanabadwe, osati ndi mchere kapena kabotolo, koma ndi mbale imene mukuisiya chivundikirire pamphasa. Ndipo mukalola kuti anthu a ku Kanyenda abwere, n'kumufunsa Madina pagulu kuti mwini mimba ndani, adzamutenga ndipo sadzabwerera. Za ku Benga mumangomva kwa anthu apanjira. Za ku Kanyenda mudzamvanso chimodzimodzi, kuti kuli mwana wa mphumi ndi makutu ngati anu, akuitana munthu wina kuti bambo.

Chokani kukhumbi lero lomwe. Mbale ija ivundukuleni iye akuona, mumuitane adye nanu. Mchere ukachepa, musaitane Rahila. Muuzeni Madina awonjezere yekha.

Aphungu